Mutu 6: Timitanda ta m'Mabuku a Miyezo

1. Nsalu ya kwaya

Shopu ya azakhali inali chipinda chimodzi chachitali. Kukhomo kunali makina atatu osokera, pakati panali tebulo lodulirapo nsalu, ndipo kumapeto kunali katani yotchinga poyesera zovala. Pamwamba pa tebulolo panali shelefu yopindika pakati chifukwa cha kulemera kwa mabuku khumi ndi limodzi. M'mabukumo munali miyezo ya anthu onse amene anasoketsapo chovala pashopupo.

Wolemba mabukuwo anali mmodzi yekha, mkulu wodula nsalu amene aliyense ankangowatcha a Sizasi. Anali atagwira ntchito kwa azakhali zaka makumi awiri. Ankalemba munthu patsamba lililonse limene buku latseguka, ndipo ambiri sankawalemba ndi mayina. Wina anali "amake a mapasa", wina "aphunzitsi a njinga yofiira", wina "mlamu wa namwino". Kasitomala akaimba foni, a Sizasi ankangotambasula mkono n'kutsitsa buku loyenera. Azakhali akati ayese okha, tiyi ankawazizirira m'kapu asanapeze tsamba.

Lolemba lina m'mawa kunabwera apampando a kwaya ya amayi, mayi wodzaza thupi, wa mawu okwanira tchalitchi chonse popanda chimkuzamawu. Anaika mpukutu wa nsalu yobiriwira patebulo n'kuusisita.

"Madiresi khumi ndi awiri," anatero apampandowo. "Miyezo yathu muli nayo kale, anthu ake ndi awa papepalapa. Anzanga ali kuntchito, sangabwere kudzayezedwanso. Tidzabwera tonse Loweruka la sabata yamawa kudzayesa. Koma mayi, nsaluyi ndinaigula kunja, ndipo ndinatenga yonse imene inatsala m'sitolomo. Ndi yongokwanira. Ikalakwika, kulibe koipeza ina."

"Musadandaule, tinayamba kale kukusokerani," anayankha azakhali.

Apampando atatuluka, azakhali anagwira njakata. Sabata imeneyo tebulo linali lodzaza ndi mayunifolomu a sukulu, ndipo Lolemba lotsatira a Sizasi ankapita kuchipatala kukachotsa ng'ala m'diso. Adokotala anali atawauza kuti akapume mwezi wathunthu. Ndiye kuti nsalu ya kwaya adzadula ndi azakhali, ndipo miyezo ya aliyense wobwera mwezi umenewo adzaisaka okha m'mabuku aja.

Pashopupo panali mwana wa achimwene a azakhaliwo, mtsikana amene anali atangomaliza chaka choyamba ku koleji ya zamakompyuta ndipo anabwera kudzakhala tchuthi. Tsiku limene anafika ndi laputopu kumsana, a Sizasi anamupatsa dzina loti Injiniya, ndipo dzinalo linamukanirira.

"Iwe," anatero azakhali, "kusukulu kwanuko amakuphunzitsani zoika mabuku ngati awa mu kompyuta?"

"Zimenezo n'zophweka, azakhali. Timati databezi. Ndi nkhokwe chabe. Mumasungamo zinthu mwadongosolo, ndipo mukafuna munthu mumangolemba dzina, iye n'kutulukira."

"Pofika Loweruka lino?"

"Ngakhale Lachisanu."

"Usathamangire kuyankha, yamba wamva," anatero azakhali. "Ntchito yanu ya kusukulu mukalakwitsa mumafufuta n'kulembanso. Yathu siitero. Sizasi ikadutsa pansalu ndiye kuti yadutsa, palibe batani lobwezera. Anthu ali m'mabukumu amandiimbira ali kutali n'kunena kuti, 'Ndisokereni monga kale,' ndipo amadzavala osabweza. N'chifukwa chake amadutsa mashopu asanu mumsewu uno n'kudzalowa muno. Si kuti makina anga amaposa a anzanga, ayi. Ndi mabukuwa. Ndiye chilichonse chili m'menemo chilowe mu kompyuta ili pakonayo. Chimene sukuchimvetsa, a Sizasi ndi awa, ufunse asanapite. Paja safunsa anadya phula."

Injiniya anavomera ndi mutu. Maso ake anali kale pa kompyuta.

2. Zida zinayi

Khomo loyandikana ndi shopuyo linali la mkulu wina wokonza mafoni ndi makompyuta, amene mumsewumo ankadziwika kuti a Mawaya. Asanatsegule kashopu kawo, analemba mapulogalamu mu ofesi ina kwa zaka khumi ndi zisanu. Injiniya anapita kwa iwo masana omwewo, osati kwenikweni kukafunsa nzeru, koma kuti akamuone kuti nayenso ndi wa m'gulu lomwelo.

Anawapatsa pepala limene analembapo zida zinayi zimene anaphunzira. A Mawaya anaika pansi foni imene ankamasula, n'kukweza magalasi pamphumi.

"Tiyambe ndi Excel," anatero. "Limeneli ndi pepala la mizere. Azakhali ako angalidziwe tsiku limodzi, ndipo limalola chilichonse chimene munthu walemba. Ubwino wake ndi umenewo, ngozi yake ndi yomweyo. Dzanja likaterereka, munthu akhoza kusanja mzere wa mayina okha n'kusiya wa ziuno pomwe unali. Mawa abusa adzadzuka ndi chiuno cha namwino."

"Imeneyo ndinaichotsa kale, ankolo. Ndi ya ana."

"Chabwino. Access inapangidwira ntchito ngati iyi. Umajambula fomu, mwini shopu n'kumadzazamo, intaneti siifunika. Tsiku lina akafuna kabokosi kena, kaya ka utali wa kolala, ndikhoza kuwasonyeza n'kumawonjezera okha. Siipezeka pa kompyuta iliyonse, koma pa ya azakhali ako ilipo. Ndinaikonza ndine kompyutayo."

"Ndi yachikale. Kusukulu anzanga amaiseka."

"Singano nayonso ndi yachikale," anatero a Mawaya. "Nanga izi, PHP ndi MySQL? Izi zimakoma pa intaneti, ngati muli ndi mashopu atatu m'matauni atatu ndipo onse akufuna kuona miyezo imodzi. Inu muli ndi chipinda chimodzi ndi tebulo limodzi. Ndiponso netiweki ya mumsewu uno umaidziwa wekha. Kuti uimbe foni umayamba waima pakhonde ngati ukudikira mlendo."

Injiniya anaseka. Papepalapo panatsala mzere umodzi, ndipo unali wolembedwa ndi zilembo zazikulu kuposa inayo.

"Ndaona kumene mtima uli," anatero a Mawaya. "Python ndi chilankhulo chabwino, ndipo SQLite imasunga zonse mufayilo imodzi yoti ukhoza kuikopera pa fulashi. Intaneti siifunika. Pulogalamu yake idzachita chilichonse chimene waiuza. Koma idzachita chokhacho. Ndipo tsiku limene azakhali ako adzafune kusintha kanthu, iwe udzakhala uli ku koleji, iwo atangoti kakasi kuyang'ana zilembo zimene sangawerenge."

"Ndilemba yoti sidzafunika kusintha."

A Mawaya anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana.

"Mwanawe, ine ndinalembapo mapulogalamu m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe chilankhulo chimene chinandigwetsapo. Chinkandigwetsa ndi kusadziwa ntchito ya eni ake. Ndinalembera kampani ina pulogalamu ya antchito, n'kuikamo lamulo loti munthu asalowe popanda tsiku lobadwa. Ndinkadziona wanzeru kwambiri. Kumeneko theka la antchito sankadziwa tsiku limene anabadwa. Kalaliki, pofuna kuti ntchito iyende, anawapatsa onse tsiku limodzi ndi chaka chimodzi. Patapita nthawi, anthu makumi anayi anapezeka kuti akupuma pantchito m'mawa umodzi, ena tsitsi likadali bii. Ndiye sankha chimene ukufuna pa zinayizi, chilichonse chingagwire ntchitoyi. Koma usanalembe mzere ndi umodzi womwe, kakhale tsiku lathunthu pafupi ndi mkulu wodula uja. Usakalankhule. Ukangoyang'ana pamene chala chake chimaima akamawerenga buku."

"Tsiku lathunthu? Ndili ndi masiku asanu okha."

"Ndiye ukhale ndi anayi abwino."

Injiniya anathokoza mwaulemu wonse, monga ana amathokozera malangizo amene sakufuna kuwatsata. Asanafike pakhomo pa azakhali anali atazunguliza kale Python ndi cholembera. Imeneyo ndiyo inali yoti akakaonetsa aphunzitsi ku koleji akamuyamikire.

3. Lembani nambala yokha

Kunena zoona, mtsikanayo ntchito ankaidziwa. Pofika Lachiwiri madzulo pulogalamu inali ikuyenda. Inali ndi kabokosi ka dzina, ka tsiku, kenako ka mapewa, chifuwa, chiuno, mahipi, mkono ndi utali. Chimene ankanyadira kwambiri chinali chakuti timabokosi ta miyezo sitinkalola chilichonse kupatula nambala. Munthu akalembamo chilembo, pankatuluka mawu ofiira akuti, "Lembani nambala yokha."

"Apa palibe angasokoneze," anauza azakhali. "Ngakhale mutagona pa kiyibodi."

Tsiku lomwelo anafunsa a Sizasi funso limodzi. Ankafuna kudziwa ngati utali wa diresi amauyeza kuchokera paphewa kapena pakhosi. A Sizasi anaimitsa sizasi m'mwamba n'kutembenukira kwa amayi awiri osoka amene anali pamakina.

"Tamverani, anthuni! A Injiniya a ku koleji akufunsa ine wosapita kusukulu! Lembani tsiku la lero!"

Amayi aja anaseka mpaka mmodzi anasokera mkono wa yunifolomu kumbuyo. Kenako a Sizasi anayankha bwinobwino, ndi tepi m'manja, chifukwa mtima wawo unalibe chifukwa ndi munthu. Koma Injiniya anachita manyazi, ndipo sanafunsenso.

Lachitatu anayamba kukopera mabuku. Anthu anali oposa mazana asanu ndi awiri. Ankaika buku pamiyendo, chala chimodzi pamzere, dzanja lina pa kiyibodi, ndipo ankangodzuka msana ukamukumbutsa.

Ali pakati pa buku lachitatu anazindikira kuti pali zinthu zimene wakhala akuzidumpha. Pambali pa manambala ena panali kamtanda kakang'ono ka pensulo, penapake tiwiri. Pa miyezo ina ya mapewa panali kozungulira ngati mphete. Penanso panali kadontho kokandidwa mwamphamvu mpaka kuonekera kuseri kwa tsamba.

Anayesa kulemba 38 n'kuikapo kamtanda. Pulogalamu yake inamuyankha mofiira kuti alembe nambala yokha.

Kuti timitandato tilowe, pankafunika kabokosi kena. Ndiye kuti asinthe tebulo la mu databezi, asinthe fomu, asinthe kapepala kosindikiza, kenako abwerere kwa anthu mazana awiri amene anali atalowa kale. Inali ntchito ya theka la tsiku. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anayang'ananso a Sizasi, amene anali mapazi atatu kuchokera pamene iye anakhala, akuimba kanyimbo ka m'mphuno uku akulemba choko pansalu.

Anatsimikiza yekha kuti timitandato ndi tosonyeza kuti chovala chinatengedwa ndi mwini wake. Kuganiza choncho kunali kosavuta kuposa kufunsa. Anatembenuza tsamba n'kupitiriza.

Lachisanu dzuwa lisanalowe, buku la khumi ndi chimodzi linatsekedwa. Anali atasunga lonjezo lake la tsiku.

4. Zonse zalowa?

Loweruka a Sizasi anaweruka msanga kuti akakonzekere zakuchipatala. Anapukuta sizasi yawo, anaikulunga m'kansalu n'kuipereka kwa azakhali ndi manja awiri. Pakhomo anatembenuka.

"A Injiniya, palibe chakuvutani m'mabuku angamo? Nenani ndikadali ndi diso limodzi."

"Palibe, bambo. Muyende bwino."

Masana azakhali anaitana a Mawaya kuti adzaone nawo. Amayi osoka aja anaimitsa makina. Injiniya anakhazika azakhali pampando n'kuwauza kuti alembe okha. Ndi chala chimodzi, akusaka chilembo chilichonse, azakhali analemba kuti "apampando". Asanachotse chala, miyezo inali itatuluka, ndipo makina osindikiza analavula kapepala koyera.

"Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndikunyambita zala pamasamba!" anatero azakhali. Anayesa amake a mapasa, anayesa mlamu wa namwino, onse anatuluka. A Mawaya anagwedeza mutu n'kunena kuti ntchitoyo inali yaukhondo.

Azakhali anatenga kapepala ka apampando n'kukayang'ana patali, monga amachitira anthu amene magalasi awaiwala kunyumba.

"Zonse za m'mabuku zalowa?"

"Zalowa."

"Ndi zija a Sizasi amalemba m'mbalimu?"

Anthu anayi ankamuyang'ana, ndipo onse anali akumwetulira. 

"Zonse zili mkati, azakhali."

"Ndiye kuti nambala iyi ndi yodulira? Makinawa aphatikiza kale?"

"Ndi yodulira."

Funso la azakhalilo linali lokwanira kumuuza munthu kuti timitanda si ta zovala zotengedwa. Lamulungu lonse mabuku anali pashelefu, ndipo a Sizasi anali ndi foni m'thumba. Injiniya anatsegula laputopu yake n'kusintha mtundu wa mabatani a pulogalamu kuti akhale obiriwira.

Lolemba azakhali anayala nsalu ya kwaya. Anadula mosamala, akuyeza kawiri asanadutse sizasi, ndipo pa chidutswa chilichonse ankabayapo kapepala ka mwini wake. Poti nsalu inali yongokwanira, m'misoko ankasiya inchi imodzi yokha yodzafutukulira. Makasitomala ena anabwera sabata imeneyo, ndipo aliyense ankapezeka msanga. Azakhali ankauza aliyense wolowa kuti mwana wa achimwene awo ali ndi mutu.

Pofika Lachisanu, madiresi khumi ndi awiri anali lendelende pawaya, ositidwa, iliyonse ndi kapepala kake pakhosi. Zotsala za nsalu zinakwana m'kajumbo kamodzi.

5. Chikhatho cha a Sizasi

Loweruka m'mawa, ola limodzi a kwaya asanafike, pakhomo panaima munthu wa magalasi akuda ndi bandeji padiso.

"Kunyumba andiletsa chilichonse," anatero a Sizasi. "Kuwerama ayi, wailesi mokweza ayi. Ndati ndikangopereka moni kwa amayi a kwaya, mwina andiimbira kanyimbo ka odwala."

Anawapatsa mpando koma sanakhale. Anayenda motsata waya uja, akusisita diresi iliyonse, kuyamikira msoko apa, kudzudzula batani apo. Atafika pa yachinayi anaima. Anaiyala patebulo n'kuyendetsa chikhatho m'chiuno mwake, kuyambira msoko uku mpaka uko. Anabwerezanso.

"Iyi ndi ya ndani?"

"Ya apampando," anatero azakhali.

"Apampando ake ati? Kwaya yasankha ena?"

"Omwe aja. Chiuno 38, onani kapepalako."

"38 ndi timitanda tiwiri, mayi."

"Kompyuta inaphatikiza kale."

"Ikanaphatikiza ikanalemba 42."

Makina onse anaima. Azakhali anatembenukira kwa mwana wa achimwene awo. Sanakweze mawu.

"Kapena makinawa asokoneza penapake?"

"Makompyuta amatero," anatero mmodzi wa amayi osoka, pofuna kumuthandiza mtsikanayo. "Ya kuchipatala inandilembapo kuti ndine mwamuna."

Khomo lothawira linali lotseguka, ndipo mushopumo munalibe munthu wotha kutsegula pulogalamuyo kuti atsutse. Injiniya anaimirira.

"Makina sanasokoneze, azakhali. Timitanda sindinatilowetse. Pulogalamu inkakana, ndipo woiuza kuti izikana ndine. Ndinationa Lachitatu lija koma sindinafunse. Munandifunsa Loweruka, ndinanama."

Azakhali anakhala pampando umene a Sizasi anaukana uja. 

A Sizasi anavula magalasi akuda n'kuwaika m'thumba.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero. Aka kanali koyamba kuti asamutche Injiniya. "Munthu akaima kutsogolo kwa tepi sakhala mmene amakhalira kunyumba kwake. Amakweza chifuwa, amabweza mimba, ena mpaka amasiya kupuma. Tepi imawerenga 38, ndipo iye maso ali pabuku kuti aone ndalemba chiyani. Ndikalemba 42, wapita, sadzabweranso, ndipo akauza anzake kuti telala wa apa ndi wachipongwe. Ndiye ndimalemba 38 yakeyo, asangalale. Akatembenuka kuti avale nsapato, ndimaika kamtanda. Kamtanda kamodzi, onjezera mainchesi awiri. Tiwiri, anayi. Kamphete ndi ka munthu amene phewa lake lina ndi lotsika, iye mwini sadziwa. Kadontho ndi ka mayi amene ndinamuyeza ali woyembekezera asanauze anthu. Zimenezi sizilembedwa m'mawu, chifukwa buku limakhala patebulo, aliyense amasuzumira. Chiyambire ntchito ino sindinauzepo kasitomala ndi mmodzi yemwe. Amangodziwa kuti zovala za pano zimawakhala bwino."

Anapukuta diso labwinolo ndi chala.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga. Unandifunsa kamodzi, ine n'kukusandutsa choseketsa. Pakamwa pangapa panayamba kale kundipalamulira. Koma ukanabwera kachiwiri, ndikanaseka pang'ono n'kukuuza zonse. Kusekedwa sikung'amba nsalu. Tsitsa mabuku."

Injiniya anawatsitsa onse. A Sizasi ankatchula buku, iye n'kumasaka tsamba, azakhali ali ndi pepala la a kwaya m'manja. Mwa amayi khumi ndi awiri, asanu analibe chizindikiro chilichonse. Mmodzi anali ndi kadontho, ndiye kuti diresi yake inali yaikulu, yotheka kubweza. Awiri anali ndi timphete, ndipo a Sizasi anati mapewa akhoza kuwanyengerera. Atatu anali ndi kamtanda kamodzikamodzi, ndipo inchi ya m'misoko ija, itafutukulidwa mbali zonse, ikanawapulumutsa movutikira.

Wa timitanda tiwiri anali mmodzi yekha, mwini nsalu.

Azakhali anakhuthula kajumbo ka zotsala patebulo. Munalibe chidutswa chachikulu kuposa dzanja. A Sizasi anazisanthula chimodzichimodzi n'kupukusa mutu.

"Tiwauza kuti chiyani?" anafunsa mayi wosoka uja.

"Funso ndi limenelo," anatero azakhali. "Tikati diresi yachepa, afunsa kuti yachepa bwanji poti 38 ndi yomwe ija. Nambala imeneyi amaitchula okha pagulu, amanyadira kuti chiuno chawo sichinasinthe chikwatiwire. Tikanena zoona, ndiye kuti tawauza pamaso pa anzawo khumi ndi mmodzi kuti zaka khumi ndi zisanu takhala tikuwaikira timitanda kumbuyo. Ndipo anzawowo afuna kuona masamba awo."

"Ndinene kuti ndinalakwitsa kukopera," anatero Injiniya. "Si bodza lonse."

"Bodza la theka ndi limene latifikitsa pano," anayankha azakhali. "Nsalu ndadula ndine, ndipo shopu ndi yanga, woyankha ndine. Koma iwe suthawira kuseri kwa kompyuta. Uima pambali panga, diresiyo ili m'manja mwako."

Panja panaima minibasi. Chitseko chake chisanatseguke n'komwe, nyimbo inali itayamba kale kumveka, mawu anayi ogwirizana bwino, ndipo pamwamba pa onse panali mawu aja osafuna chimkuzamawu. A Sizasi anavalanso magalasi awo. Amayi osoka anakankhira mabuku pansi pa tebulo ndi mapazi.

"Odi kuno! Tafika eni ake a zobiriwira!" anatero apampando, akulowa ndi anzawo pambuyo. "A Sizasi, mwadzuka kale? Ndiye zinthu zayenda bwino. Tiyambe ndi yanga, anzangawa aone chitsanzo."

Azakhali anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma apampando anali atailanda kale diresi m'manja mwa Injiniya. Anaikweza m'mwamba, anzawo anaombera m'manja, ndipo iwo analowa nayo kuseri kwa katani akung'ung'udza nyimbo ija.

Nyimboyo inapitirira pang'ono, kenako inayamba kudukaduka, kenako inaleka. Katani inagwedezeka. Dzanja linatuluka n'kukodola.

"Iwe mtsikana wa makompyuta, tabwera udzanditsekere zipi."